Jekete Lopanda Mwini la pa Siteji

Akuti jekete lakuda lija la pa siteji ya akabaza a njinga zamoto linkadziyendera lokha. Nkhaniyi inali m'kamwa mwa aliyense, koma monong'ona, ndipo woikamba ankayamba wacheuka kaye. Ometa tsitsi ankaikamba, ogulitsa tomato ankaikamba, mpaka amayi aja osesa mumsika amene amati sakonda za eni.

Pa sitejipo pali waya womangidwa pakati pa mapolo awiri. Wakabaza akafika amakoleka jekete lake kumapeto kwa wayawo, n'kukakhala pamthunzi. Wokwera akabwera, amene amamunyamula ndi mwini jekete lakutsogolo, otsalawo n'kusuntha awo. Lamulo ndi limodzi basi: jekete la mnzako sugwira, olo litagwera m'matope. Ndiye lakudali linangopezeka pawayapo m'mawa wina m'nyengo yozizira, mwini wake osadziwika. M'mawa linkakhala kumapeto. Pofika masana, ili lili kutsogolo. Aliyense ankalumbira kuti sanalisunthe. Ankangolidumpha, n'kumachita ngati sakuliona.

Kutsidya kwa msewu, pakhonde la sitolo ya penti, pankakhala atelala ndi makina awo opalasa ndi mwendo. Amuna awo anali akabaza pa siteji yomweyo. Anzawo ankawatchula kuti a Nsungwi, poti ndi aatali, owonda, ndipo akakhala panjinga amapindika.

Kuzizira kunatha, kunabwera dzuwa lija losungunula phula. Akabaza onse anasiya kuvala majekete. Aliyense akachotsa lake pawaya ankangolikhalira pampando, n'kunyamuka atavala kamalaya kopyapyala. Mmodzi anaterereka pamchenga wa pakhota, khungu lonse la mkono linatsala pamsewu. Atelala anapita kukamuona kuchipatala, ndipo atabwerako chakudya sichinalowe.

"Bambo a mwana, jekete amavala. Sakhalira ngati mkeka."

"Mayi, mukufuna ndipse? Langali ndi la pulasitiki. Ndikalivala ndimakhala ngati mbatata mumphika."

"Bola kupsa kusiyana ndi kusendeka ngati mnzanu uja."

"Amene uja sadziwa kuyendetsa."

"Oo, kani phula limayamba lafunsa kuti wodziwa ndani? Mawa mukatuluka osavala, kiyi wa njingayo agona m'thumba mwanga."

Atelala sankaopseza pachabe, ndipo a Nsungwi ankadziwa zimenezo. Mawa lake masana, atapirira maola atatu m'pulasitiki muja, thukuta lili kamukamu mpaka m'nsapato, anadzuka pamthunzi n'kupita pawaya. Anayang'ana jekete lakuda lija, n'kulikolola.

Akabaza onse anawatembenukira.

"Nsungwi," anatero atcheyamani a pa sitejipo, "lamulo ukulidziwa."

"Miyezi inayi lili pamzere, silinanyamulepo munthu. Lero ligwire ntchito. Mwini wake akabwera mumuuze andipeze."

Palibe anaseka. Wina anasuntha njinga yake kuti italikirane ndi yawo.

A Nsungwi anawoloka msewu kukawaonetsa akazi awo. Abale, jekete linali jekete! Lolemera, msoko wake wowongoka bwino, ndipo m'mapewa, m'zigongono ndi kumsana munali timapilo tolimba toti munthu akagwa asathyoke. Atelala anapisa dzanja m'mkono mwake kuti aone nsalu yam'kati, n'kulitulutsa msanga. Munkazizira ngati m'filiji. Chonsecho linali litakhala padzuwa kuyambira m'mawa.

"Mwaona?" anatero a Nsungwi akuseka. "Inu mumafuna ndivale, ine ndimafuna mphepo. Tonse tapeza zathu."

Kunena zoona, sabata yoyamba atelala anasangalala. Akakweza maso pamakina ankaona amuna awo okha ndi amene avala, zipi mpaka m'khosi, anzawo ali m'timalaya. Mtima unkakhala m'malo. Zonong'ona za mumsika ankaziti ndi nsanje.

Koma a Nsungwi anasiya kutuluka thukuta. Malaya awo ankabwera madzulo ali ouma ngati sanavalidwe. Anzawo akakhala pamthunzi, iwo ankakhala padzuwa penipeni, manja m'khwapa. Masana dzuwa likuswa mtengo ankaitanitsa tiyi wotentha. Pakudya osavula, pogona masana Lamlungu osavula. Kamwana kawo kazaka zitatu, kamene kankawathamangira akamva kulira kwa njinga, kanayamba kubisala kuseri kwa chitseko.

"Bwera kwa adadi, iwe."

"Ayi. Adadi akuzizira."

Kenako okwera anayamba kuwakana. Mayi wina wogulitsa tomato anabwera pakhonde paja ngati akufuna kusoketsa siketi, koma siketiyo inalibe pong'ambika. Anakhala pabenchi, n'kuyandikira.

"Asisi, musandide. Dzulo ndinakwera ya amuna anu. Mpando uja ndi wautali, si choncho? Koma ine ndinakhala cha kumapeto kwenikweni, malo kunalibe. Ndiye pakhota paja ndimati ndiwagwire m'chiuno." Mayiyo anatsitsa mawu. "Ndinapeza pali kale manja."

Atelala anamuthokoza, anamubwezera siketi yake, koma mwendo unakana kupalasa makina tsiku lonselo.

Loweruka m'mawa a Nsungwi analowa m'bafa. Kumeneko kokha ndi kumene ankavula, ndipo ankalikoleka pamsomali wa chitseko, cha kunja, kuti lisanyowe. Atelala ananyang'ama, analikolola, n'kuthamanga nalo kuseri kwa nyumba. Ndi kalumo kawo kosomolera ulusi anatsegula nsalu yam'kati.

Kunja jeketelo linalibe ngakhale pokandika. Koma m'kati, paphewa lamanzere, munali zigamba zinayi zosanjikizana. Ulusi wake unali wosiyanasiyana, kasokedwe kosiyananso, kusonyeza kuti anasoka ndi matelala anayi osiyana. Wina anasoka pamakina, wina pamanja, ndipo wapamanjayo zinkaoneka kuti ankanjenjemera. Pansi pa chigamba chilichonse panali banga lofiirira louma, ndi timiyala tating'ono takuda ta pamsewu tomatirira m'nsalu.

Atelala anazindikira kuti anthu anayi anagwapo kale atalivala, onse ndi phewa lomwelo. Anakatenga palafini ndi machesi.

Apa ndi pamene ntchito inawalowerera. Telala sataya chovala chathunthu. Asanataye amayamba wachotsa mabatani, zipi, chilichonse chimene chingagwirenso ntchito, ndipo manja amachita zimenezi okha mutu usanaganize. Zipi anaisiya, mabatani anawasiya. Koma timapilo tija? Mumsika monse simupezeka totere. Tinali toyera bwino, topanda banga. Anatichotsa tonse tisanu, anatiponya m'beseni la sopo, chotsalacho n'kuchiyatsa m'dzenje la zinyalala. Chinatenga nthawi kuti chigwire moto, ndipo utsi wake sunakwere m'mwamba, unkangoyenda pansi.

A Nsungwi anatuluka m'bafa atamanga thawulo, mano akugundana.

"Lili kuti?"

"Ndawotcha."

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangowayang'ana, maso ali mbee, n'kukalowa m'mabulangete atatu, kunja anthu akusowa pobisala ndi dzuwa. Anagona choncho masiku awiri akunjenjemera. Atelala sanatsegule pakhonde. Anabweretsa makina kunyumba, n'kuyamba kusoka jekete lina. M'mapewa ndi m'mikono anaika nsalu ya jinzi yolimba, m'khwapa ndi pachifuwa nsalu ija yamabowobowo ya majezi a mpira, kuti mphepo izilowa. Timapilo tija anali atatichapa kawiri n'kutiyanika padenga tsiku lonse. Anatisokerera m'malo mwake mosamala.

Tsiku lachitatu a Nsungwi anataya mabulangete.

"Kodi m'nyumba muno mwayatsa moto? Tsegulani windo, mayi, mundipha!"

Chipumi chawo chinali chonyowa. Atelala anachigwira, n'kuyamba kuseka misozi ili m'maso. Kamwana kaja kanakwera pamiyendo pa bambo ake kokha, osaitanidwa.

Jekete latsopanolo linatchuka pa siteji. Atcheyamani analitembenuza uku ndi uku, nati, "Alamu, mundisokere langa, koma lokwana mimbayi." Okwera anabwerera. A Nsungwi ankadandaula za kutentha ngati munthu wina aliyense, ndipo atelala ankamva kukoma akamva madandaulo amenewo.

Panatha masabata awiri. Lachinayi masana atelala anaona amuna awo akukankha njinga kubwera pakhonde, galasi limodzi litathyoka, fumbi mpaka m'tsitsi. Koma ankaseka.

"Musakuwe, ndili bwino! Galu anandidutsira kutsogolo. Ndauluka, mayi, ndatera ndi phewa, ndakhwekhwereka kuchokera apa mpaka pa polo paja. Anthu amati ndafa. Taonani!" Anatambasula mikono, n'kuipinda. "Olo kabala. Timapilo tanuti ndi timene tandipulumutsa. Chipewa cha panjinga chokha sichikanakwanitsa."

Anavula jekete n'kuliika pamakina. Jinzi inali itang'ambika paphewa lamanzere, kapilo kakuonekera.

"Tangoikanipo kachigamba msangamsanga. Pali bambo wina akundidikira, ulendo wautali, msewu uja wa malole. Ndamuuza kuti mphindi khumi."

Atelala anayang'ana malaya a amuna awo. Anali onyowa ndi thukuta pachifuwa, m'khwapa, m'khosi. Koma pamapewa ponse pawiri, ndi pakati pa msana, panali pouma, ndipo pouma pakepo panali pofanana ndendende ndi timapilo tija. Anawagwira chigongono. Khungu la pamenepo linali lotuwa, lozizira ngati chitsulo cha m'mawa. Analitsina mwamphamvu ndi zikhadabo.

"Mwamva?"

"Chiyani?"

A Nsungwi sanali kuyang'ana n'komwe. Maso awo anali pa jekete, ndipo dzanja lawo linali litapita kale lokha paphewa long'ambikalo, zala zikusisita kapilo kaja pang'onopang'ono.

"Fulumirani, mayi," anatero motsitsa mawu. "Ndayamba kumva kutentha."

Kutsidya kwa msewu bambo uja anakweza dzanja, kuloza wotchi yake. Lole inadutsa, khonde lonse linagwedezeka. Atelala anali ndi kalumo kosomolera kudzanja lamanja, singano kumanzere. Akachotsa timapiloto, amuna awo apita pakati pa malole ndi nsalu yokha, ndipo lero lomwe aona chimene chikanachitika popanda ito. Akatisiya, pouma paja mawa pakhala patakula.

Nanga inu, mukanakhala pamakina paja amuna anu akukuyang'anani, mukanasomola kapena mukanasoka?