Mchira wa Adiresi

Rakele sanabadwe wosunga chakukhosi. Anamuphunzitsa ndi a Elifala, abwana ake.

Bungwe lawo linali la zipinda ziwiri pa Dowa Boma, limodzi mwa mabungwe ambirimbiri amene anabadwa ulamuliro wa chipani chimodzi utatha. Ntchito yake inali yokumbitsa mijigo. Rakele, amene anaphunzira za makompyuta ku Lilongwe, anapanga tsamba la pa intaneti losonyeza mijigo yonse makumi anayi, kuyambira ku Chezi mpaka kumapiri a Ntchisi. Tsambalo linali ndi sefa. Ukasankha dera, kapena wokumba, kapena mijigo yotulutsa madzi yokha, ina yonse inkabisika. Chimene wasankhacho chinkadzilemba kumapeto kwa adiresi ya tsambalo, kutsogolo kwa kachizindikiro ka #. Rakele ankati umenewo ndi mchira. Munthu akatsegula adiresi yokhala ndi mchira, tsamba linkamutsegukira litasefedwa kale.

A Elifala mausi ya kompyuta ankaigwira ngati mbatata yotentha, koma m'misonkhano sankachita manyazi kunena kuti "tsamba langa lija."

Zimenezo Rakele akanapirira. Koma mjigo wa kwawo ku Msakambewa unauma patangotha mwezi umodzi. Anaukumba ndi a Alexio, mlamu wawo wa a Elifala, munthu amene ankasiya kuboola akangoona matope. Anthu anabwerera kudambo, ndipo mvula itayamba kolera inatenga Modesta, mwana wa mchemwali wake wa Rakele, wa zaka zinayi. Tsiku limene Rakele anabwerako kumaliro, a Elifala anapepesa ataimirira, n'kupitirira pomwepo.

"Lachinayi kukubwera mayi Sadia, nthumwi ya otithandiza aja. Mijigo youmayo uifufute."

"Kufufuta n'kosafunika, bwana. Ndingoisefa."

"Chita mmene ukudziwira, bola asaione."

Pakamwa pa Rakele panangotuluka "chabwino." Lachitatu masana anakhala pakompyuta. Tsambalo sanalikhudze ngakhale chilembo chimodzi. Anangolemba mchira watsopano, #wokumba=alexio&madzi=palibe, n'kusunga adiresiyo poonekera, pamene abwana akanangodina kamodzi. Ankadziwa kuti ntchito yake ikhoza kuthera pomwepo, ndipo sanasamale.

Lachinayi a Elifala anavala jekete ngakhale dzuwa linali loswa mtengo. Anakhazika mayi Sadia pampando wabwino, anathira madzi a m'botolo m'makapu, n'kudina adiresi ija monyadira. Intaneti ya pa waya wa foni inkabwera mokwawa, choncho iwo anadzaza mpatawo ndi pakamwa.

"Mijigo yathu yonse ikulavula madzi, mayi. Muona nokha."

Tsamba linatseguka. Mijigo khumi ndi umodzi, yonse youma, wokumba mmodzi.

Mayi Sadia anavala magalasi n'kusendera pafupi. "A Alexio amenewa ndani?"

"Makinawa asokonezeka," anatero a Elifala, akugwedeza mausi uku ndi uku. Mndandandawo sunasunthe. Thukuta linayamba kutsikira mukolala. "Rakele, mwana wanga, tabwera ukonze."

Zaka zitatu zonse anali asanamutchepo mwana wawo. Rakele anaimirira pang'onopang'ono, ndipo kunena zoona zinkamukomera.

"Palibe chasokonezeka, bwana. Likuonetsa zimene lafunsidwa. A Alexio ndi alamu awo a bwanawa, mayi."

Mayi Sadia anatembenukira kwa Rakele. "Nanga anthu a m'midzi imeneyi akumwa kuti?"

Rakele anali atakonza mawu ambiri akuthwa, koma funso limeneli sanaliyembekezere. Misozi inabwera asanaiitane, ndipo zinamukwiyitsa kuti a Elifala aione.

"Kudambo," anatero. "Pamene pamamwa ng'ombe. Kwathu tinaika mwana Loweruka lapitali."

Mayi Sadia anatseka kope lawo. "Galimoto ili panja. Tiyeni tonse tikaone dambo limenelo."

"Msewu wake ndi woipa, mayi," anayesa a Elifala.

"Maliro anadutsa momwemo," anayankha Rakele.

Potuluka Rakele anabwerera patebulo. Anatenga kapu ya a Elifala, anakhuthulira madzi a m'botolo aja pawindo, n'kuiika m'chikwama.

"Kapuyo ndi ya chiyani?" anafunsa a Elifala.

"Kudambo n'kotentha, bwana. Mukamva ludzu."