Kachingwe ka Phazi la Elspeth

Chombo cha azungu chinkafika palinga lawo la malonda kamodzi pachaka, madzi oundana akasungunuka, kudzatenga zikopa. Chaka chimenecho chinkadzatenganso Drever, mwamuna wa Sikwan, mzungu wa palingapo, kuti abwerere kwawo poti nthawi yake yogwira ntchito inali itatha. Lamulo aliyense ankalidziwa: mkazi wa kuno sakwera chombo. Koma mwana, bambo akafuna, ankakwera. Ndiye Sikwan mtima unali m'mwamba chifukwa cha Elspeth, mwana wake mmodzi yekhayo.

Kufunsa ankaopa. Drever nayenso kukamwa ngati anachita kumusoka, ntchito kungomanga mitolo ya zikopa za akatumbu.

"Iwe, usadzivute n'kufunsa," anatero Sakaw, mkulu wake wa Sikwan, akusosola tsekwe. "Udzaonera chikopa chimene adzakupatse cha nsapato za paulendo. Mwamuna wanga uja pochoka anabweretsa kachidutswa kokwana mapazi ake okha, kuumira kwakeko. Ana si awa akundithera nyamawa?"

Chikopacho chinabweradi. Cha mphalapala, chofewa, chathunthu. Sikwan anachiyala pansi. Anayesa kudzinamiza kuti mwina kwawoko n'kwamiyala, nsapato sizichedwa kutha.

"Bambo a Elspeth, chonsechi n'cha mapazi awiri?"

Drever sanamuyang'ane. Anatulutsa kachingwe m'thumba n'kukaika pachikopapo, kakafupi, komanga mfundo kumapeto. Apo Sikwan anakumbuka za dzulo lake, bambo atagwira mwana phazi, mwana akuseka kuti akumugirigisha. Kani unali muyezo.

"Kumeneko akaphunzira kuwerenga," anatero Drever. "Mlongo wanga akamusamala."

"Alongo anuwo amasoka?"

"Nsalu amasoka. Chikopa ayi."

Sikwan anafuna kumubereka mwanayo n'kulowa naye m'nkhalango. Koma chisanu chinali pakhomo, ndipo abale ake onse mfuti ndi onga ankatenga palinga pomwepo. Akanamubisa ndani?

Anatenga mpeni. Nsapato zoyamba anadula molingana ndi kachingweko. Zotsatira anawonjezera chala chimodzi, zinazo zala ziwiri, osadzutsa mutu. Sakaw polowa anapeza zidutswa zili ndanda mpaka pakhomo, chikopa chatha, za Drever palibe ngakhale imodzi. Zomalizira Sikwan anali kuyeza paphazi lake.

"Nanga zazikuluzi n'za yani? Wakuuza kuti nawenso ukwera?"

"N'za Elspeth, achemwali," anatero Sikwan akulowetsa ulusi m'singano. "Podzakwatiwa phazi lake lidzakhala ngati langali."