Nyimbo Yokana Kulowa M'kope

Elifala Mbewe anali mphunzitsi pa sukulu ya mishoni ku Msakambewa, ndipo ndiye ankaimbitsanso kwaya ya mpingo wa pomwepo. Anthu ankamudziwa ndi khutu lake. Nyimbo akaimva kawiri, pofika kachitatu ankakhala atailemba kale m'kope m'zilembo za solofa, do re mi, liwu lililonse pamalo pake. Luso limeneli ankalinyadira kuposa setifiketi yake ya uphunzitsi.

Patatha zaka zisanu nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, m'nyengo yogulitsa fodya, pa Mponela panabwera galimoto ya kanema. Aphunzitsi a m'deralo anauzidwa kuti akaonere, kuti azikafotokozera anthu za kalimidwe katsopano. Elifala anapita monyinyirika, chifukwa linali Loweruka, tsiku la kwaya.

Kanemayo anaonetsera m'shedi ya fodya masanasana, mazenera atatsekedwa ndi masaka. M'katimo munali mdima, fumbi la fodya ndi fungo la thukuta. Pa chinsalu panaoneka bambo wina akuunda migula m'munda wotsetsereka, kuunda, kuunda, mpaka Elifala anayamba kuodzera. Kenaka woonetsa kanemayo, bambo wamtali dzina lake Lester, anasintha filimu n'kuikapo ina yaifupi yongopumitsa anthu.

Panaoneka munthu wakuda wachikulire atakhala pakhonde la nyumba yamatabwa, chipewa chitapendama, gitala ili pamiyendo. Kuchala anali atavala khosi la botolo. Atalikhwekhwereza pa nsambo, gitalayo inalira ngati munthu. Mawu ake sankadumpha kuchoka pa do kupita pa re monga limachitira limba la kutchalitchi. Ankatsetsereka, n'kukaima penapake pakatikati, pomwe Elifala sankadziwa n'komwe kuti pali malo oimapo. Munthuyo anaimba mzere umodzi m'Chingerezi chovuta kumva, anaubwereza, gitala n'kumuyankha. Elifala anadzipeza ataimirira, wa kumbuyo kwake akumukoka jekete kuti akhale pansi.

Mzere wachitatu usanathe, chinsalu chinangoti mbuu! Filimu yaduka.

"Zachita bwino!" anakuwa munthu wina. "Tiikireni ya uja wothamangitsidwa ndi mbuzi!"

Shedi yonse inavomereza, ndipo Lester anaikadi ya mbuziyo. Anthu anaseka mpaka misozi. Elifala yekha sanaseke, anali ngati munthu amene amulanda mbale akudya.

Anthu atatuluka, anapita kwa Lester yemwe ankakulunga mawaya.

"Pepani achimwene, nyimbo ya bambo wa botolo uja imatchedwa chiyani?"

"Ija? Amati bulusi. Ndi ya anthu akuda a ku Amereka. Filimuyo inangosokonekera m'bokosi lathu, ndipo anthu saikonda."

"Simungandibwerezereko? Pang'ono pokha."

"Mafuta a injini ndi aboma, aphunzitsi, si anga. Ndikaimata. Loweruka likubwerali tili ku Ntchisi. Ngati yakukomerani, tipezeni kumeneko."

Sabata imeneyo Elifala sanaone mtendere. Ana akaweruka, ankakhala pa limba m'tchalitchi, kope lili pambali, kufunafuna mawu aja. Akadina mi, anali pamwamba. Akadina chodinira chakuda chapambali pake, anali pansi. Pakati pa ziwirizo panali kampata koti ngakhale chikhadabo sichingalowe, koma nyimbo ija inkakhala mmenemo. Analemba, anafufuta, analembanso mpaka pepala linabooka. Lachinayi anaponya pensulo kukhoma.

Mkazi wake Rute anamuona akubwera nkhope ili ndwii.

"Kodi abambo, mwayambana ndi ndani?"

"Ndi nyimbo."

Anayesa kumuimbira, koma mawu ake, ozolowera kwaya, anatuluka owongoka ngati rula. Rute anaseka.

"Ngati ndi imeneyo, ndiye mukuvutikiranji? Ija timaimba pa Pasaka si yomweyo?"

"Si choncho ayi! Sikumveka choncho!"

"Nanga imamveka bwanji?"

Funso limenelo ndilo linamupsetsa mtima kwambiri Elifala.

Loweruka m'mamawa anatuma uthenga kuti kwaya ipume, n'kukwera njinga. Njira ya ku Ntchisi ndi ya zitunda zokhazokha. Pena ankapalasa, pena ankakankha, malaya atamatirira kumsana. Anafika dzuwa lili pamutu, n'kupeza galimoto ija itaima pansi pa mtengo, Lester akudya nzimbe.

"Aa, aphunzitsi, mwabweradi? Pepanitu. Bwana wathu anaona mndandanda wa mafilimu, ndiye anati ija si yophunzitsa anthu kanthu. Inabwerera ku Zomba Lachitatu."

Elifala anakhala pansi pafumbi pomwepo. Anafuna kutukwana, koma mawu otukwanira anali atawasiya kalekale ali m'kalasi ya ubatizo.

Mayi wina wogulitsa nzimbezo, amene ankamvetsera, analowererapo.

"Ngati mukufuna woimba ndi botolo, bwanji osapita kwa Isake? Uja anabwera kunkhondo. Amakhala kuseri kwa phiri ilo. Koma lero Loweruka, mwina mukam'peza pamowa."

Mphunzitsi wa mishoni kuoneka pamowa kunali kudzichotsa yekha ntchito. Elifala anazengereza, anayang'ana njira ya kwawo, anayang'ananso phirilo, kenaka anayamba kukankha njinga kukwera.

Mwamwayi anam'peza pakhomo. Isake anali munthu wowonda, mano akutsogolo mulibe, atavala chikhoti chausilikali chothetheka m'zigongono. Ankasema mpini wa khasu. Elifala anapereka moni, nadzitchula dzina ndi ntchito yake.

"Aphunzitsi a mishoni? Ngati mwabwera kudzandilalikira, anzanu anabwera kale atatu."

"Ayi bambo. Ndamva kuti mumaimba bulusi."

Isake anasiya kusema.

"Dzina limenelo mwalimva kuti? Kuno amangoti nyimbo za Isake zodandaula zija."

Elifala anafotokoza za kanema. Isake anagwedeza mutu. Anati iye anaiphunzira kutsidya la nyanja, ali m'chipatala cha asilikali, kwa msilikali wakuda wa ku Amereka woyendetsa malole amene anagona naye moyandikana miyezi iwiri. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi gitala yong'ambika pamimba, yomatidwa ndi phula. Anaiika pamiyendo pa Elifala.

"Ndi iyo. Koma mwavutika pachabe. Nsambo yolira ija inaduka mwezi watha, ndipo m'sitolo za kuno mulibe."

Elifala anamva ngati mutu uphulika. Kanema waduka, filimu yabwerera, tsopano nsambo! Anadzuka kuti azipita asanalankhule zoipa. Atagwira njinga, anaona kuti Isake akuyang'anitsitsa chogwirira chake. Njingayo inali yamakono, ya mabuleki a waya.

"Waya uwo ukamasulidwa, muli tinsambo tabwino kwambiri," anatero Isake, ngati akudzilankhulira.

"Ndiye nditsika bwanji mapiriwa opanda buleki?"

"Ine sindinapemphe kanthu, aphunzitsi."

Elifala anatsamiritsa njinga kukhoma. Kenaka anatulutsa sipanala m'kachikwama ka pansi pa chishalo.

Ntchitoyo inatenga nthawi. Waya woyamba unaduka akuukunga, wachiwiri unagwira. Isake anatenga khosi la botolo losalazidwa pamwala, analivala kuchala, anatsokomola, nayamba kugunda phazi pansi. Gitala inalira, ndipo tsitsi la Elifala linaima. Anali mawu omwe aja, koma tsopano ali pafupi, akumveka mpaka m'chifuwa. Isake anaimba m'Chichewa:

"Sitima inanditenga ndili ndi mano onse,
sitima inanditenga, amayi, ndili ndi mano onse,
pobwera ndapeza khomo langa lamera chisoso."

Elifala anasolola kope mwachangu.

"Bwerezani mzere woyambawo, pang'onopang'ono."

Isake anabwereza, koma mosiyana. Pamene poyamba anakweza mawu, tsopano anatsitsa.

"Ayi, monga munaimbira poyamba paja."

"Poyamba ndinaimba bwanji?"

"Munakweza pa 'mano'."

"Kaya. Nthawi ija ndinakumbuka mano, pano ndakumbuka sitima."

"Koma nyimbo imayenera kukhala ndi njira yake imodzi! Nanga anthu angaiphunzire bwanji?"

Isake anaika dzanja pa nsambo, gitala n'kukhala chete.

"Aphunzitsi, mwakwera phiri lonseli, mwaononga njinga yanu, kudzakangana nane kapena kudzamva? Mukapitiriza kukanda pepalalo, ine ndibwerera ku mpini wanga."

Elifala anatseka kope mokwiya n'kulikhalira. Isake anayambanso. Anaimba za mkazi wake amene anauzidwa kuti mwamuna wake anafera kunkhondo, nakwatiwa ku Bowe. Anaimba za mendulo imene anam'patsa, yoti sungalimire. Pena ankaseka pakati pa mzere, gitala n'kupitiriza yokha kudandaula. Amayi awiri ochokera kumadzi anaima ndi mitsuko pamutu, wina n'kuyankhira chapansipansi, mawu ake akutsetsereka bwinobwino monga a gitalayo, popanda womuphunzitsa. Elifala anamuyang'ana ndi kaduka. Atayesa kuyankhira nayenso, Isake anapukusa mutu.

"Mukuimba ngati mukuitana mayina m'kalasi. Lekani mawuwo agwe."

Anayesa kasanu, osatheka. Koma sanafune kuchoka. Anakhala mpaka mthunzi wa phiri unafika pakhomopo, ndipo anagona komweko pamphasa.

M'mawa anatsika mapiri akukankha njinga, ndipo anafika ku Msakambewa mapemphero atatha. Kwaya inali itaimba yopanda woitsogolera, n'kusokoneza nyimbo yachiwiri. Akulu a mpingo anamuitana. A Abrahamu Chisale, amene anamuphunzitsa solofa ali wamng'ono, ndiwo anam'funsa.

"Tamva kuti munali kwa woimba m'mowa. Chimene munakatengako n'chiyani?"

"Palibe, bambo," anayankha Elifala, ndipo sikunali kunama.

Anamuchenjeza kuti asadzabwerezenso. Iye anapepesa chifukwa cha kwaya, koma za kwa Isake sanalonjeze kanthu. Anapitakonso kanayi m'chilimwe chimenecho, masiku a tchuthi. Isake anamuonetsa kakungidwe ka nsambo ndi kagwiridwe ka botolo, akumukalipira kuti dzanja lake ndi louma ngati chikuni. Ulendo wotsatira anapeza chitseko chili chomanga ndi luzi. Mlongo wake wa Isake, Hana, anamuuza kuti munthuyo analembetsa ntchito ya kumigodi ku Joni, ndipo ananyamuka Lachiwiri, gitala ili kumsana.

"Sanasiye mawu alionse?"

"Anangoti aphunzitsi aja akabwera, muwauze kuti asamafulumire poimba."

Elifala anabwerera akung'ung'udza njira yonse. Mvula itayamba, anapeza chigubu cha palafini ndi thabwa la mlombwa, n'kudzikhomera gitala yake. Rute anati m'nyumba asaiimbire, ana angatengere, choncho ankakhala nayo kuseri kwa nkhokwe akaweruka kusukulu. Anaimba pamenepo zaka zambiri. Odutsa m'njira ankaima, ena n'kumuyamikira kuti aphunzitsi gitala amaitha. Iye ankapukusa mutu, n'kunena kuti akadamumva mwini wake Isake sakadatero, kenaka n'kuyambiranso mzere womwewo.