Mavoti 43 a Aphunzitsi Jeremiya

A Jeremiya Kamwendo anafika pasukulu pathu mu Seputembala, atavala suti yakuda dzuwa likuswa mtengo. Sukulu yathu ndi ya pulayimale, ili chakumunsi kwa msika wa Mitundu, ndipo ine, Margret Kalimbira, ndaphunzitsapo Sitandade 7 zaka khumi ndi zinayi. Ahedi athu, a Patson Dzimbiri, anandiuza kuti mlendoyu ndi wa ku koleji ya uphunzitsi, wabwera kudzaphunzira ntchito kwa chaka chimodzi, ndipo womuyang'anira ndikhala ine.

Tsiku lomwelo ndinawafunsa zimene amaphunzira ku kolejiko.

"Uphunzitsi ndi wongodutsirapo, madamu," anatero akukonza tayi. "Phunziro langa lachiwiri ndi sayansi ya zandale. Mtima wanga uli kumeneko."

"Chabwino. Nanga pa bolodi mumatha kulemba?"

Anaseka ngati ndanena nthabwala. Koma sankatha. Mzere ukayambira pamwamba, unkatsetsereka mpaka kukathera pakona ya pansi, ana akupendeketsa mitu kuti awerenge.

Phunziro la zandalelo sindidana nalo ayi. Mwana wa Sitandade 7 ayenera kudziwa kuti khansala ndi ndani, phungu amagwira ntchito yanji, boma limayenda bwanji. Kukanakhala kuti kale ankatiphunzitsa zimenezi mozama, bwenzi nanenso ndikuphunzitsa bwino. Koma a Jeremiya phunziro lawo ankalivala ngati mmene ankavalira suti ija, kuti anthu aone. M'kalasi mwa ana 96, ena atakhala pansi, iwo ankalankhula Chingerezi cha ku Nyumba ya Malamulo. Mu stafurumu akayamba kufotokoza zimene zalakwika m'dziko muno, aphunzitsi ankakumbuka mmodzimmodzi kuti ali ndi makope oti akachonge. Ntchito yoyang'anira mzere wa phala ankaizemba. Patatha miyezi iwiri anali asanadziwe dzina la mwana ngakhale mmodzi. Ankangoti, "Iwe wa malaya ong'ambikawe," ndipo theka la kalasi linkatembenuka.

Chinthu chimodzi chokha anachita bwino, ndipo sindingawamane. Titafika pa mutu wa zisankho, anapempha ahedi kuti chaka chimenecho mtsogoleri wa ana asukulu asasankhidwe ndi aphunzitsi monga mwa nthawi zonse, koma ana avote okha. Ahedi anavomera. Sabata imeneyo a Jeremiya anaphunzitsa m'Chichewa, ndipo ana anamvetsera. Anawauza kuti voti ndi yachinsinsi, kuti wopikisana aliyense amakhala ndi munthu wake woyang'anira, ndiponso kuti mapepala a m'bokosi ayenera kufanana ndi chiwerengero cha anthu amene avota.

"Mapepala akachuluka kuposa anthu," anatero akumenya tebulo, "dziwani kuti padutsa mbala."

Ana analemba mawuwo m'makope.

Opikisana anali awiri, onse a Sitandade 8. Wina anali Anisa, mwana wa telala wa pamsika, mtsikana wolankhula pang'ono koma wosaopa munthu. Wina anali Noah, mnyamata wofatsa, wodziwa mpira. Bambo ake a Noah, a Isake Chidothi, ndi wapampando wa komiti ya sukulu yathu. Ali ndi sitolo ya feteleza ku Nathenje, ndipo aliyense ankadziwa kuti akufuna kudzaimira ukhansala.

A Jeremiya atamva zimenezi, mwadzidzidzi anadziwa dzina la mwana mmodzi. "Noah, bambo ali bwanji? Noah, ukawapatse moni." Loweruka lina anakwera kabaza mpaka ku Nathenje, ndipo Lolemba anatiuza mu stafurumu kuti acheza ndi a Chidothi kwa ola lathunthu.

"Munthu uja akusowa mlangizi wodziwa zandale," anatero. "Ndawauza kuti ndilipo."

Mphunzitsi wa Sitandade 2 anapitiriza kudya mbatata yake.

Chisankho chinachitika Lachinayi m'mawa, pansi pa mtengo wa mango. Ovota anali ana a Sitandade 5 mpaka 8. Aliyense ankalandira kapepala, n'kulemba dzina la amene akumufuna, n'kuponya m'katoni ya sopo imene tinaiboola pamwamba. Woyang'anira wa Anisa anali mtsikana mnzake, Pemphero, yemwe anakhala pa njerwa pafupi ndi katoniyo atagwira botolo. Mwana aliyense akaponya pepala, iye ankaponya njere imodzi ya chimanga m'botolomo. Ndinaona a Jeremiya akumuyang'ana n'kumwetulira, ngati akuona mwana akusewera masanje.

Kuvota kutatha belu la phala linalira. Ana anathamangira ku mzere, ndipo a Jeremiya ananyamula katoni ija kupita nayo mu stafurumu, akuti kuti isungike bwino. Ine ndinapita kukayang'anira phala, ntchito imene inali yawo tsiku limenelo.

Titabwerera pansi pa mango, anawerenga mavoti mokweza, ana onse akuona. Kenako analengeza kuti Noah wapeza 148, Anisa 131. Anyamata anayamba kuvina. Pemphero anakweza dzanja.

"Sala, ovota anali 236."

"Wati chiyani?"

"Mapepala alipo 279. Anthu anali 236." Anakhuthula botolo lake pa chitenje, nayamba kuika njerezo m'magulu a khumikhumi. Ana anamuzungulira n'kumawerenga naye limodzi. Zinakwana 236.

"Chimanga si umboni," anatero a Jeremiya. "Mwina nkhuku yadya zina."

Ena anaseka, koma kumbuyo mwana wina ananena mosakweza kuti, "Padutsa mbala," ndipo mawuwo anayenda m'gulu lonse.

Ndinatenga mulu wa Noah n'kuyamba kuyang'ana pepala lililonse. Ana ambiri analemba kuti "Nowa," monga mmene timatchulira, ena ndi pensulo, ena mokhotakhota. Koma panali mapepala ena opindidwa bwino kanayi, olembedwa "Noah" ndi cholembera chimodzi cha buluu, N wake wokhala ndi kamchira kopindika. N ameneyu ndinkamuona m'mawa uliwonse posaina mapulani a phunziro a a Jeremiya. Ndinawapatula. Analipo 43.

Sindinafune kuwayalutsa a Jeremiya pamaso pa ana. Ndinauza aliyense kuti alowe m'kalasi, ndipo mapepalawo ndinakawayala pa tebulo la ahedi. A Jeremiya analowa pambuyo panga, thukuta lili kamukamu.

Ndinkaganiza kuti akana, kapena apepesa. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anakhala pampando n'kupingasa miyendo.

"Ahedi, tiyeni tione zinthu mwauchikulire," anatero. "M'mabuku timaphunzira kuti pali ndale za papepala, palinso ndale zenizeni. Sukulu ino ikufuna malata a Sitandade 4. Angathandize ndani, telala kapena a Chidothi? Ine ndimaganizira sukulu."

"Munabera ana a zaka khumi ndi ziwiri," ndinatero, "pa nthawi imene ankamwa phala."

"Madamu, inu zinthu izi simunaziphunzire."

"Zoona. Kuba sindinaphunzire."

Ahedi ankangosisita chipumi. A Dzimbiri ndi munthu wabwino, koma amaopa phokoso kuposa njoka. Anati tinene kuti panali kulakwitsa powerenga, basi nkhani ithe. Ndinawauza kuti anene zimene akufuna pa asembule, koma fomu ya ku koleji yonena za khalidwe la mphunzitsiyu wolemba ndine, ndipo ndilemba zimene ndaona.

Mawa lake ahedi analengeza kuti mapepala 43 anali olakwika, ndipo wopambana ndi Anisa. Sanatchule munthu, koma ana onse anatembenukira kumene kunaima a Jeremiya. Noah sanabwere kusukulu tsiku limenelo. Anzake anali atayamba kale kumunena kuti bambo ake agula mavoti.

Loweruka ndinapita ku Nathenje kukaona mchemwali wanga. Ndikudutsa pa sitolo ya a Chidothi, anandiitana. Nditalowa ndinapeza a Jeremiya atakhala pa thumba la feteleza, suti yomwe ija, akudikira kuti alankhulidwe.

"Mwachita bwino kubwera, madamu," anatero a Chidothi. "Ndikufuna mumve ndi makutu anu. Achimwene, ndinakutumani ine?"

"Simunanditume, bwana, koma ndinaona kuti mwana wa munthu ngati inu akagonja…"

"Akagonja ndiye kuti chiyani? Mwana wanga wakhala masiku awiri osatuluka m'nyumba. Ku Mitundu konse akuti Chidothi wayamba kuba mavoti asanaime n'komwe. Munabwera kuno tsiku lija, ndinakugulirani fanta chifukwa ndinu mphunzitsi wa pasukulu ya mwana wanga. Munalankhula ola lathunthu, ine ndikugulitsa feteleza. Sindinamve ngakhale chimodzi."

"Bwana, tikhoza kukonza. Pali njira yoti nkhaniyi tiitembenuze…"

"Dzukani pa thumba langalo."

A Jeremiya anadzuka, kumbuyo kwa buluku kuli mbuu. A Chidothi anandipempha kuti ndikawapemphere kwa ahedi kuti Lolemba adzalankhule okha ndi ana, ndipo ndinavomera.

Panja, pa siteji ya minibasi, a Jeremiya anandipeza. Mawu awo anali atatsika.

"Amayi, fomu ija. Ndinu kholo langa. Mukalemba zimenezi, chaka changa chonse chapita."

Aka kanali koyamba kunditchula kuti amayi. Ndinawayang'ana, ndikufunafuna chisoni mumtima mwanga, koma sindinachipeze. Ndinawafunsa funso limodzi.

"Mtsikana amene anawerenga chimanga uja, dzina lake ndani?"

Anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana kumsewu kumene makondakitala ankalimbirana munthu wopita ku Dedza.

"Pitani bwino, a Jeremiya," ndinatero.

Lolemba a Chidothi anabwera pa asembule atamugwira dzanja Noah. Anauza ana kuti iwo sanatume munthu, ndipo mwana wawo wagonja mwachilungamo. Kenako anamuuza Noah kuti akagwire chanza Anisa. Noah anapita, mutu uli pansi, ndipo ana anaomba m'manja. Mwina a Chidothi nawonso ankachita ndale zawo pamenepo, sindikudziwa, koma anachita poyera.

Fomu ndinalemba monga ndinanenera. Patatha masabata awiri kunabwera mphunzitsi wa ku koleji, Mayi Jacinta Mbewe, amene amaphunzitsa zandalezo. Anawerenga fomuyo, n'kuona mapepala 43 aja, n'kupempha kuti aonane ndi Pemphero. Anacheza naye nthawi yaitali kuposa imene anacheza ndi wophunzira wawo. Ponyamuka anandiuza kuti a Jeremiya m'kalasi amakhoza bwino kwambiri, mayeso onse amakhala pamwamba. Ndinati sindikukayika.

Koleji inagamula kuti a Jeremiya abwereze chaka chophunzira ntchito, ndipo miyezi yotsalayo ahedi anawachotsa m'kalasi mwanga n'kuwapatsa Sitandade 3. Kumeneko kulibe mutu wa zisankho. Kuli kuwerenga a, e, i, o, u kwa amene anatsalira, kulekanitsa ndewu za pensulo, ndi kuperekeza kuchimbudzi amene akutsegula m'mimba. Suti anasiya kuvala mvula itayamba. Ana anawapatsa dzina loti a Fote-fili, kutanthauza 43, ndipo linafala mpaka kumsika, moti amayi ogulitsa tomato ankawaitana choncho osadziwa chiyambi chake. Poyamba ankakwiya n'kumaopseza ana ndi chikwapu. Pofika mwezi wa Malichi, munthu akaitana dzinalo, ankatembenuka.