Kampira Kamene Kanamenya Chitsulo

Darcy anali atatsegula kale kope lomaliza la malemu bambo awo pamene Larysa ankalowa kukhitchini. Anakankhira pambali mbale za zakudya zimene anansi anabweretsa pamaliro, n'kuyala kopelo pathebulo, chala chili patsamba lotsiriza.

"Iwe, unawerenga zimenezi?"

"Ndinawerenga Lachinayi, achimwene."

"N'kungokhala chete?"

"Lachinayi tinkasankha bokosi."

Bambo awo, a Orest Kozakevich, anagwa n'kumwalira Lachiwiri pa 9 Januwale akuchotsa chipale chofewa pakhomo. Anali ndi zaka 60. Anaikidwa Loweruka. Tsikuli linali Lamlungu, ndipo pansi pa thebulo panali katoni ya makope 41, limodzi pa nyengo iliyonse ya hoke, masewero omenya kampira ndi ndodo pa ayezi, kuyambira 1983.

Zaka zonsezo a Orest ankakhala m'kachipinda ka pamwamba pabwalo la ayezi la Akadzidzi, timu ya anyamata a m'tauni ya Korlen, kuwerenga mashoti. Kampira kakalunjika pagolo, goloboyi n'kukatchinga, ankalemba kamzere. Kakalowa, kamzereko ankakazunguliza. Nyengo ikatha ankawerengera kuti pa mashoti 1,000 alionse goloboyi watchinga angati. Ankalemba ndi bolopeni, osati pensulo, ndipo akuluakulu a ligi ankalandira manambala awo osafunsa kanthu.

Chaka chimenecho timu inkakwanitsa zaka 50. Pa 17 Febuluwale komiti inafuna kupachika padenga la bwalo nsalu yolembedwa dzina la goloboyi woposa onse m'mbiri ya timuyo, ndipo a Thiessen, wapampando, anapempha a Orest kuti atchule dzinalo. A Orest analemba yankho pa 6 Januwale, koma anafa asanalipereke. A Thiessen anali atauza Larysa pamanda kuti abwera Lolemba 10 koloko kudzatenga makope.

Darcy anawerenga mokweza. "Woyamba, Gilbert Lafond, 1983 mpaka 1984: 889. Wachiwiri, Darcy Kozakevich, 2004 mpaka 2005: 919." Anakweza mutu. "Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma kodi 919 ndi 889, nambala yaikulu ndi iti?"

"Werengani mzere wapansiwo."

"Werenga ndiwe, aphunzitsi."

Larysa sanayang'ane patsambalo, anali atalisunga pamtima. "Chaka cha a Lafond, magoloboyi onse a mu ligi mukawaphatikiza ankatchinga 862. Iwo anaposa anzawo ndi 27. Chaka chanu ligi inali pa 903. Inu munaposa ndi 16. Nthawi imeneyo zotchingira miyendo zinali zachikopa, zazing'ono, zikanyowa zinkalemera ngati matumba a mchenga. Zigoli zinkangokhuthuka. Munthu amayerekezedwa ndi anzake a nthawi yake, ndi zomwe alembazo."

"Wayamba kuyankhula ngati iwowo," anatero Darcy. "Angoikidwa dzulo, lero auka kale."

Amayi awo, a Verna, analowa atavala juzi yakuda yomwe anavala kumanda. Anathira madzi mu ketulo osayang'ana aliyense.

"Ndamva dzina la Lafond m'nyumba muno?"

Dzinalo silinkatchulidwa m'nyumbamo. A Orest nawonso anali goloboyi wa Akadzidzi. Pa 20 Novembala 1982 anachinyidwa zigoli zisanu ndi zinayi, ndipo sabata yotsatira kochi anaika pagolo mnyamata wa zaka 17 amene anabwera pabasi kuchokera kumpoto, zovala zake zosewerera atazimanga ndi chingwe. A Orest sanabwererenso pagolo. Anakwera m'kachipinda kaja, ndipo kwa nyengo zitatu ankawerenga mashoti a munthu amene anawalanda malo, osapatsana naye moni. Dzulo lake pamaliro, a Lafond anabwera kutchalitchi, anaima kumbuyo chipewa chili m'manja, n'kuchoka chakudya chisanagawidwe.

"Usiku umene anawachotsa pagolo bambo anu ndinali nawo m'galimoto," anatero a Verna. "Tinali tisanakwatirane. Ndinaona mwamuna akulira ngati khanda. Ndiye lero dzina la munthu ameneyo likalendewere padenga, mwana wanga ali pansi kudzutsa khosi? Komanso pa 17 ndi tsiku la 40 chimwalirireni bambo anu. M'mawa tikawapempherere kutchalitchi, madzulo tikaombere m'manja Lafond?"

"Amayi, analemba ndi iwowo."

"Iwowo afa. Amoyo ndife."

Darcy anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. "Ukudziwa, chemwali, kubwalo lililonse wowerenga mashoti amakondera goloboyi wa kwawo. Aliyense amadziwa zimenezo. Kwina munthu akangoyetsemula chakugolo, amalemba shoti. Ine ndekha ndi amene ndinabadwira m'nyumba ya mngelo."

Larysa anadziwa kumene nkhaniyo inkapita. Anali ndi zaka 16 tsikulo, atakhala kuseri kwa golo. Linali Loweruka pa 26 Febuluwale 2005, masewero omaliza a nyengo. Kochi wina wa koleji ya ku America anali atalonjeza Darcy malo ndi sukulu yaulere, koma anati satenga goloboyi wosafika 920. Kutatsala mphindi ziwiri, kampira kanauluka chakumanzere, n'kumenya chitsulo cha golo, bwalo lonse linamva kulira kwake. Lamulo limati kampira komenya chitsulo si shoti. Koma ngati goloboyi wakakhudza kasanamenye chitsulocho, ndiye kuti watchinga. Darcy anati anakakhudza ndi nsonga ya gulovu. A Orest sanakawerenge. Nyengo inatha ndi zigoli 61 pa mashoti 757, imene ndi 919. Akanakhala 758, ikanakhala 920. Mu Meyi chaka chomwecho Darcy analowa ntchito kumgodi wa potashi, mchere wopangira feteleza, ndipo anali komweko mpaka lero.

"Ndinakakhudza," anatero Darcy, ngati wina wamufunsa. "Chala ichi chinachita dzanzi mpaka m'mawa. Kamzere kamodzi, Larysa. Kamzere kamodzi anandimana bambo wanga wondibereka. Ndiye nsalu yomwe andimanenso ali m'manda?"

Anagwira tsamba lotsiriza lija, n'kuling'amba pang'onopang'ono kutsata waya wa kopelo. Analifinya m'dzanja n'kuliika pafupi ndi botolo la shuga.

"Manambala onse ali m'makope enawo," anatero Larysa. "Aliyense akhoza kuwerengeranso."

"Thiessen? Amene amalephera kuwerenga zigoli pabolodi? Adzangoona 919, nkhani yatha. Iwe ukangowauza kuti bambo sanamalize."

"Ndiname?"

"Tsono ukufuna chiyani? Mphotho ya kumwamba?"

"Uchite zimene mlongo wako akunena," anatero a Verna. "Zaka 40 ndakhala ndi munthu wosanama. Ndikudziwa kukoma kwake."

Larysa sanazolowere kutsutsa bambo ake, ndipo tsopano anali ndi tsiku limodzi loti asankhe pakati pa iwo ndi awiri amene anali nawo m'khitchinimo. Anawerama, n'kukoka katoni ija. Ngati dzina likhala la Darcy, a Thiessen adzafuna kope la 2004 mpaka 2005 kuti akopere manambala pansalu. Makope anali atasanjidwa motsatira zaka, koma limenelo linali losiyana ndi anzake. Chikuto chake chinali chitafewa, ngodya zitapindika, ngati buku la mapemphero.

Linatseguka lokha pa 26 Febuluwale.

Kumunsi kwa timizere ta tsikulo panali palembedwa chiwerengero cha mashoti: 34. Nambalayo inali itadulidwa ndi mzere umodzi wowongoka, wojambulidwa ndi rula, ndipo pambali pake panali 33. Larysa anali atatembenuza makope onse 41 m'moyo wake, mwina osati tsamba lililonse, koma cholemba chodulidwa anali asanachionepo. Pansi pake, ndi zilembo zazing'ono zija zoongoka: "Akuti anakakhudza. Sindinaone."

"Achimwene."

"Chiyaninso?"

Anamutembenuzira kopelo. Patsamba loyang'anana nalo panali mndandanda wa masiku, bolopeni zosiyanasiyana, ina yabuluu, ina yakuda. "26 Febuluwale 2006. Ndaonera tepi ya masewerowo. Sindinaone." "26 Febuluwale 2007. Ndaonera tepi. Sindinaone." Chaka chilichonse, osadumpha, mpaka 2023. Mzere wa nambala 19 unali wa pa 6 Januwale 2024, tsiku limene analemba yankho la komiti. "Ndaonera kasanu ndi kawiri. Sindinaone."

Darcy anawerenga milomo ikugwedera. Anafika kumapeto, n'kuyambiranso pamwamba.

"Analemba 34," anatero. "Analemba kaye 34."

A Verna anabwera kudzasuzumira paphewa pake, ketulo ikuwira kumbuyo kwawo.

"Chaka chilichonse mu Febuluwale ankatsikira kuchipinda chapansi," anatero. "Ankati akukonza makina akale oonetsera matepi a kanema aja. Ine n'kumawanena kuti atayeni, zinthu zimenezo zinatha kalekale."

Larysa anali atawerengera kale mumtima, chizolowezi chomwe anatengera kwa mwini makopewo. "Ngakhale akanakupatsani shotiyo, ndi 920. Kuposa ligi ndi 17. A Lafond akadali pa 27."

"Ndikudziwa kuchotsera."

"Ndikutanthauza kuti pa 6 paja sankaonera chifukwa cha nsalu."

"Ndamva!" Darcy anamenya thebulo, masupuni analira. "Ndiye ndithokoze? Zaka 19 munthu kuonera tepi kuchipinda chapansi, ine ndikudya naye Khirisimasi pathebulo lomwe lino, osandiuza ngakhale liwu limodzi. Akanangoti, 'Mwana wanga, ndinafunafuna.' Basi. Anauza kope."

A Verna anazimitsa ketulo, koma tiyi sanathire.

Darcy anatenga pepala lofinyidwa lija pafupi ndi botolo la shuga. Analifunyulula, n'kulisita ndi chikhatho pathebulo, kawiri, katatu. Makwinya sanachoke. Analilowetsa m'kope lomaliza n'kukankhira kopelo kwa mlongo wake.

"Uwapatse."

"Darcy," anatero amayi ake.

"Amayi, dzina langa likapachikidwa pamenepo, ndizidzati ndikadzutsa maso n'kuona iwowo ali ndi rula yawo. Lafond atenge. Koma pa 17 musandidikire kubwalo. Kutchalitchi ndibwera, madzulo ndili pa shifiti."

"Nanenso kubwaloko sindipondako," anatero a Verna. Anatuluka, ndipo chitseko cha kuchipinda kwawo chinatsekeka.

Darcy anaima, n'kutenga jekete lake pampando. Analigwira kanthawi, kenako analibwezera pomwepo.

"Tepiyo ili kuti?"

"Sindikudziwa. Mwina ikadali m'makinamo."

Anatsika masitepe molemera, ngati munthu wovala zotchingira miyendo zonyowa. Larysa anatsala yekha ndi makope awiri pathebulo. Lomaliza lija analiika pamwamba pa katoni, pomwe a Thiessen adzalione poyamba. Atagwira la 2005 kuti alitseke, anaona kuti mndandanda uja sunathere pa 6 Januwale. Pansi pake bambo ake anali atajambula kale mzere wina ndi rula, n'kulembapo deti: 26 Febuluwale 2024. Kutsogolo kwa detilo anasiya malo.

Kuchipinda chapansi makina aja analira, tepi ikubwerera m'mbuyo. Makinawo anaima. Patapita kanthawi kochepa, analiranso.