Mpira Uwu Si Wanga

Ntchito yanga pabwalo la gofu ndi kuthamangitsa anthu. Osati ngati mlonda ayi. Ine ndimathamangitsa anthu olipira, ovala zoyera, ena a iwo mabwana oti kuofesi kwawo sulowa osagogoda. Ndimazungulira pakagalimoto ka batire, ndili ndi wotchi ndi mbendera ziwiri. Gulu likatsalira mpaka anzawo a patsogolo kusowa m'maso, ndimakweza yachikasu, ndilo chenjezo. Likapitiriza kuzengereza ndimakweza yofiira, ndipo wochedwetsayo amatola mpira wake n'kutuluka mumpikisano. Dzina langa lenileni linaiwalika kalekale. Onse amangoti Fulumirani, ngakhale mkazi wanga akakwiya.

Mbendera zimenezi anayambitsa ndi achimwene anga. Iwo ndiwo anali mphunzitsi wa gofu pakalabu pano, ndiwo anandilera bambo atamwalira, ndiwonso anandipezera ntchitoyi. Anthu ankawatcha a Mphenzi. Akafika pampira ankangoyang'ana kamodzi, phaa! n'kuyamba kuyenda mpira usanatere. Munthu wochedwa ankawanyansa ngati ntchentche m'kapu ya tiyi. "Gofu si maliro," ankatero. "Ukafuna kuyenda mwachisoni, kayendere kwanu."

Ndiye chaka chatha sitiroko inawagwira. Anachira, koma mbali ya kumanja inabwerera theka. Mwendo amachita kukoka, dzanja limanjenjemera. Komabe mwendo si umene unkachedwetsa anthu kwenikweni. Vuto linali pampira. Amaima bwinobwino, ndodo kuseri kwa mpira, kenako zii. Mutu ukuti menya, manja akuti dikira kaye. Amatha kuima choncho mpaka mbalame kuyamba kuwazolowera. Kumbali anthu anasiya kuwatcha a Mphenzi, anayamba kuwatcha a Mawa. Ndinamva ndekha ku bala, ndipo amene ananena ndi munthu woti achimwene anamuphunzitsa kugwira ndodo.

Lachisanu lina a Kaputeni a kalabu anandiitana kuofesi.

"Fulumirani, anthu atopa," anatero. "Loweruka lapitali ena anamaliza mdima uli bii. Ukamakweza mbendera kwa ena umachita changu, koma ukafika kwa akulu ako maso amachita khungu."

"Bwana, akuchira. Tsiku lililonse akusinthako."

"Komiti yagwirizana. Mawa akachedwetsanso, ukweze yofiira. Ikakwera, za mpikisano wa Loweruka aiwale. Azibwera Lolemba m'mawa, bwalo likakhala lopanda anthu, aziima pampira mpaka akhute. Ndipo mawa gulu langa likhala pambuyo pawo penipeni, ndione ndi maso anga."

Nditaweruka ndinadzera kwa achimwene. Ndinawapeza pakhonde akupukuta nsapato, mipira ili m'mbale pambali pawo. Sindinawauze kanthu. Ndinalowa kukhitchini n'kuuza alamu anga, akazi awo, monong'ona. Alamu anazimitsa mpopi n'kundiyang'ana.

"Mlamu, mukudziwa mmene amakhalira muno? Sabata yonse amagona kuyang'ana khoma. Mankhwala ndimachita kuwanyengerera ngati mwana. Lachisanu lokha ndi limene amadzuka okha, kumeta ndevu, kufunsa ngati malaya ndasita. Za Lolembazo sangapite, mukuwadziwa. Kusewera okha ngati wodwala khate? Mukawalanda Loweruka, mwawakumbira manda."

"Nanga nditani, alamu?"

"Wotchi ili m'manja mwanu, si mwanga."

Pobwerera ndinagula mipira ya mtundu umene achimwene amasewera. Pagofu aliyense amaika chizindikiro pampira wake kuti asamenye wa mnzake, ndipo cha achimwene ndinkachidziwa kuyambira ndili mwana: kanyenyezi kobiriwira pambali pa nambala. Ndinakhala patebulo n'kujambula kanyenyezi pampira uliwonse mosamala, nsonga zake zowongoka bwino. Ndinaganiza kuti chimene chimadya nthawi kwambiri ndi kufunafuna mpira m'thengo. Ukasowa, ndingogwetsa wina. Ndani angadziwe?

Loweruka kunacha kotentha. Achimwene ankasewera ndi dokotala wa mano, munthu wofatsa amene ntchito yake inamuphunzitsa kudikira. Alamu ankakoka chikwama cha ndodo pakangolo. Pambuyo pawo, a Kaputeni ndi anzawo atatu, manja m'chiuno tisanayambe n'komwe.

Tsiku limenelo ndinagwira ntchito za anthu asanu. Achimwene akamenya mumchenga, ine ndi amene ndinkathamanga kukasalaza. Akafika pafupi ndi dzenje, ine ndagwira kale mtengo wa mbendera ya padzenjepo. Ndinanyengerera wotchetcha kapinga kuti makina ake "afe" pakati pa njira ya a Kaputeni, ndipo anafadi, mpaka a Kaputeni anafika n'kuyang'ana wotchetchayo m'maso, makina n'kuuka kwa akufa. Magulu ena onse pabwalo ndinawasiya, achedwe asachedwe zawo zimenezo.

Koma pampira sindikanatha kuwathandiza. Amaima, ine n'kumawerenga mumtima. Menyani achimwene, menyani chonde. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo, ndodo ikunjenjemera kuseri kwa mpira, manja osanyamuka. Ndinapemphera mapemphero amene sindinapempherepo ngakhale kuchipatala. Pofika pakati pa bwalo, gulu la patsogolo linali litasowa, ndipo kumbuyo magulu anali atadzazana ngati pamzere wa basi.

A Kaputeni anandikodola ndi chala. "Yachikasu ija unaiwala kunyumba?"

Ndinapita n'kuikweza, nkhope nditayang'ana kumbali. Achimwene anaiona, anagwedeza mutu ngati mphunzitsi amene mwana wake wayankha bwino, n'kuyamba kukoka mwendo mwamphamvu. Ndinamva chisoni chosaneneka. Anayesetsadi. Maenje angapo otsatira anayenda mpaka kupuma kwawo kumamveka patali, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti tipulumuka.

Titatsala pang'ono kumaliza, pali dzenje lina limene kumanja kwake kuli udzu wautali ndi ngalande. Achimwene anaima nthawi yaitali, kenako anamenya, mpira n'kukhotera kumanja, tswaa m'udzu muja. Lamulo limapatsa munthu mphindi zochepa zofunafuna mpira. Ukapanda kupezeka, amabwerera kumene anamenyera n'kukayambiranso. Kwa achimwene, kubwerera kunali kutha kwa zonse.

Ndinathamangitsa kagalimoto n'kufika iwo akadali kutali. Ndinapondaponda udzu, kuutsegula ndi phazi, osaona kanthu. Madzi anali atafika m'khosi. Ndinapita chapatsogolo pomwe udzu unali waufupi, ndinapisa m'thumba, n'kugwetsa mpira wanga pambali pa nsapato.

"Nawu! Achimwene, nawu, wagona pabwino!"

Anafika akupuma mwabefu. Alamu anawapatsa ndodo mwachangu. Koma achimwene, monga amachitira nthawi zonse, anawerama kaye kuti aone chizindikiro. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anaweramuka.

"Mpira uwu si wanga."

"Ndi wanu, achimwene. Nambala ndi yomweyo. Si ako kanyenyezi?"

"Kanyenyezi ndakaona." Anapisa m'thumba ndi dzanja lamanzere n'kutulutsa mpira wina, n'kundionetsa. Kanyenyezi kake kanali kokhotakhota, inki itafalikira, ngati kangaude woponderezedwa. "Dzanja langa linasiya kujambula mowongoka chaka chatha. Iwe sunaone?"

Sindinaone. Chaka chathunthu ndakhala ndikuwerenga mphindi zawo, mpira wawo osauyang'anapo.

"Bambo, menyani basi," anatero alamu. "Palibe waona. Adokotala, mwaona kanthu inu?"

Dokotala wa mano anayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula.

"Ndaona ine," anatero achimwene.

Tinayamba kufunafuna, anthu anayi, koma tinkafuna pamene ine ndinaitanira anthu, pamene ndinkadziwa bwino kuti palibe kanthu. Pomwe ndinati tibwerere cham'mbuyo, achimwene anayang'ana wotchi ya padzanja langa n'kunena kuti nthawi yatha.

"Kwerani kagalimoto ndikuperekezeni," ndinawachonderera. "Chonde achimwene, ndagwira mwendo wanu."

"Wampikisano sakwera."

Anatenga ndodo yaitali n'kutembenuka. Sindidzaiwala ulendo umenewo. Munthu mmodzi akuyenda mobwerera pabwalo lonse, mwendo ukulemba mzere pakapinga, kulunjika kumene kunaima a Kaputeni ndi magulu onse odikira. Ine ndinkawatsata pambuyo pang'onopang'ono pakagalimoto, ndipo mawu awo akale aja, akuti gofu si maliro, anandibwerera.

Atafika, anthu anapatuka, onse chete. Achimwene anazika kachikhomo pansi, kuikapo mpira wa kangaude uja, n'kuima. Anaima, anaimabe. Wina anatsokomola. Ine ndinatseka maso. Kenako ndinamva kulira kumene ndinali nditakuiwala, phaa! kouma, koyera. Nditatsegula maso mpira unali m'mwamba, wowongoka ngati chingwe, n'kukatera pakati penipeni pa kapinga, patali kuposa pamene aliyense wa oima pamenepo akanafika. Munthu uja wa ku bala ndi amene anayamba kuomba m'manja.

Achimwene sanamwetulire. Anatembenukira kwa ine.

"Fulumirani, wotchi yako yafa?"

Iwo okha anali asananditchulepo dzina limenelo.

"Achimwene..."

"Gulu la patsogolo lili kuti? Yachikasu unakweza kale. Chotsatira n'chiyani?"

A Kaputeni, amene dzulo lake anali mkango, anayamba kukanda kapinga ndi nsonga ya nsapato. "Aphunzitsi, asiyeni zimenezo. Malizani basi, tidikira. Nkhaniyi tikaikambanso kukomiti."

"Mudikira chifukwa chiyani? Chifukwa ndine wodwala?" Mawu awo ankatuluka mokoka, koma aliyense anamva. "Lamuloli ndinalemba ndine, muofesi mwanu momwemo. Ndachotsapo anthu pabwalo lino, ena ndi inu muli apa. Lero mukufuna mundisandutse wopemphetsa? Mng'ono wanga wayamba kale kundiponyera mipira ngati nkhuku akuiponyera chimanga." Anandiyang'ananso. "Kweza."

Ndinayang'ana alamu. Anali ataphimba pakamwa ndi chipewa, akupukusa mutu kuti ndisatero. Ndinayang'ana a Kaputeni, iwo n'kuyang'ana pansi. Chibale ndi fupa, amatero akuluakulu, koma sananene kuti fupalo limathanso kukutsamwa. Ndinatenga mbendera yofiira kumbuyo kwa mpando n'kuikweza.

"Mwamba," anatero achimwene. "A kumbuyo aone."

Ndinaikweza mwamba, ndikulira poyera ngati mwana. Iwo anavula chipewa, kugwirana chanza ndi dokotala wa mano, n'kuuza a Kaputeni kuti, "Dutsani." Kenako anayamba ulendo wa kumalo oimika magalimoto, alamu akukoka kangolo pambuyo.

Loweruka lotsatira bwalo linayenda ngati madzi. Gulu lomaliza linatsiriza dzuwa likadali pamwamba, ndipo ku bala anthu ankandigwira paphewa, eti ntchito ndimaidziwa. Anthu atatha ndinapita kudzenje lija. Sindinavutike n'komwe. Mpira unali cham'mbuyo pang'ono, m'mphepete mwa udzu, pamalo oti munthu akanamenya bwinobwino, kanyenyezi kokhota kakuyang'ana kumwamba. Ndikanangofuna pang'ono osathamangira m'thumba, tikanaupeza.

Ndinapita nawo kunyumba kwawo. Pakhonde panalibe munthu. Nsapato zija zinali pansi pa mpando, matope a sabata yatha atauma. Alamu ananditsegulira osandipatsa moni, n'kuloza kuchipinda ndi mutu.

Achimwene anali atagona kuyang'ana khoma, ndevu zitamera, mbale ya chakudya ili patebulo yosakhudzidwa. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi.

"Ndine, achimwene."

"Kubwalo zinayenda bwanji lero?"

"Zinayenda mwachangu."

"Palibe anadikira?"

"Palibe."

"Ndiye bwino," anatero.

Ndinatulutsa mpira uja n'kuuika patebulo, pambali pa mabotolo a mankhwala. "Ndaupeza, achimwene. Wanu weniweni. Unali pabwino."

"Nthawi yake inatha," anatero, ndipo sanatembenuke.