Mapaipi a M'khoma la Apongozi

Dzina loti Chisanu anamupatsa ndi anzake a kuntchito, ati chifukwa paliponse pamene wagwirapo anthu ankayamba kufunafuna majuzi. Kwa zaka khumi ndi zinayi anali akuika ndi kukonza makina oziziritsira m'nyumba, ndipo panalibe amene anamuitanapo kuti adzabwereze ntchito. Choncho apongozi ake aakazi atagonekedwa m'chipatala ndi mphumu, dokotala n'kunena kuti kutentha kwa m'chipinda chawo kukuwonjezera matendawo, banja lonse linayang'ana kwa iye.

Apongoziwo ankakhala m'nyumba yosanjikizana, pamwamba penipeni. Makina akale anali atafa kalekale. Mapaipi awiri amkuwa, olumikiza makina a m'chipinda ndi a kunja, anawakwirira m'khoma pomanga nyumbayo, ndipo ankadutsa m'khoma la kukhitchini.

"Alamu, musandiuze kuti mukufuna kugumula khoma," anatero mchimwene wa mkazi wake, atamuona akugogoda pulasitala ndi sipanala.

"Mapaipiwa ndi akale," anayankha Chisanu. "Gasi wa makina atsopanowa amakankha mwamphamvu kuposa wakale uja. Ndi bwino tiike ena."

"Nanga fumbi? Amayi akutuluka mawa m'mawa. Munthu wa mphumu adzagone mu simenti? Eni nyumba akamva nyundo atithamangitsa tonse. Inu si a Chisanu kodi, kapena dzinalo munachita kubwereka?"

Chisanu anaseka, n'kuvomera. Sikuti anagwira mwaulesi, ayi. Anayeza kukula kwa mapaipiwo, napeza kuti akugwirizana ndi makina atsopano. Anawatsuka mpaka mafuta akuda a makina akale atatha. Kenako anawapopera mpweya woyesera, n'kumangirira geji yoyezera mphamvu ya mpweyawo. Mwa chizolowezi chake, mapaipi a m'khoma ankawasiya chomwecho mpaka tsiku lotsatira, kuti aone ngati singano ya geji itsike. Koma tsikulo anadikira theka la ola basi, mlamu wake akuliza makiyi a galimoto pakhomo.

Singano ija inali itatsika. Pang'ono zedi, ngati kukula kwa tsitsi limodzi. Chisanu anagogoda galasi la geji ndi chala, n'kudziuza kuti ndi dzuwa lachoka pakhomapo, mpweya wazizira. Anamasula geji, nachotsa mpweya wonse m'mapaipi, natsegulira gasi. Chipinda chinazizira bwino, mlamu wake mpaka anawomba m'manja.

Tsiku lotsatira masana, ali padenga la sitolo ina kutsidya la tauni, foni yake inalira. Anali mkazi wake, yemwe anapita kukasamalira mayi ake.

"Abambo, makina anu aja akungolira koma sakuziziritsa. Amayi ali thukuta kamukamu."

"Ayamba liti?"

"Sipanathe ola. Komanso kukhitchini kukumveka kaphokoso ngati tayala likuphwa. Pakhoma, pansi pa shelefu paja, panyowa ngati pathiridwa mafuta."

Chisanu anaimirira. "Kukhitchiniko kuli ndani?"

"Mng'ono wanga. Akufuna kuwiritsa madzi pa sitovu kuti amayi afukize, chifuwa chayambanso..."

"Asayatse! Wamva? Muuze asa..."

Foni inangoti zii. Anaimbanso, koma inali yozima. Anaimba kachitatu, kachinayi. Anaimbira mlamu wake wamwamuna uja, foni inangolira mpaka kusiya yokha. Nambala ya mng'ono wa mkazi wake analibe.

Iye ankamudziwa bwino gasiyo. Sanunkha. Ndi wolemera, amatsikira pansi n'kuunjikana mwakachetechete. Khitchini ija inali yaing'ono ngati bafa, zenera lake lomatika ndi penti. Ankadziwanso kuti gasiyo akakumana ndi lawi amatha kuyaka, ndipo utsi wake umawotcha mapapo ngakhale a munthu wamphamvu. Nanga a mayi wokalamba wongotuluka kumene m'chipatala?

Mmene anatsikira makwerero sanadziwe. Zida zonse anazisiya padenga. Mwini sitolo anamukuwira, iye osacheuka. Analiza galimoto, koma atangofika pamphambano yaikulu anapeza mzere wa magalimoto wosaoneka kothera. Anaikhotetsera pamalo omwetsera mafuta, n'kuisiya pomwepo magalasi osatseka, nakodola wanjinga yamoto.

"Thamangani, achimwene, chonde."

"Mukufuna tifike kapena tife?" anafunsa wanjingayo.

"Ingothamangani!"

Ali m'njira anamva kulira kwa ambulansi kumbuyo kwawo. Inawadutsa, ikulowera komwe iwo ankapita. Chisanu anaiyang'anitsitsa, akupemphera chamumtima kuti ikhote. Pamphambano yoyamba sinakhote. Pa yachiwiri sinakhotenso. M'maso mwake munkangobwera singano ija, ndi chala chake chikugogoda galasi. Pa yachitatu ambulansi inakhotera kumanzere, koma mtima wake sunatsike.

Pa nyumba ija panalibe utsi. Anakwera masitepe awiriawiri. Chitseko cha apongozi chinali chotsegula. Asanalowe anazimitsa magetsi onse pa bokosi la panja, makina n'kusiya kulira. M'nyumba munatsala kaphokoso kamodzi kokha kochokera kukhitchini, kosalekeza.

"Amayi! Muli kuti?"

Palibe anayankha. Pabedi la apongozi panali nsalu yokhayokha, pilo ali pansi. Pakhomo la khitchini anaona ketulo ili pa sitovu, ndipo pansi ponse panali mbwee timitengo ta machesi. Anagwira mpweya, nalowa, namenya zenera lija ndi chigongono mpaka penti inang'ambika n'kutseguka. Anatsegula mazenera ena onse, natuluka pakhonde kukatseka mavavu a gasi pa makina a kunja ndi kakiyi kamene sikankachoka m'thumba mwake. Kawiri konse kanamupulumuka m'manja.

Akubwerera, chitseko cha nyumba yoyandikana chinatseguka. Anali mkazi wake, wopanda nsapato.

"Tili kuno," anatero.

Chisanu anatsamira khoma.

"Foni inathima batire," anapitiriza mkaziyo. "Ndinangomva zoti asayatse. Ndathamanga, ndapeza mng'ono wanga kamtengo kali kale pa bokosi la machesi. Ndamumenya padzanja, mpaka pano sakundilankhula. Amayi tachita kuwabereka."

Apongozi anali pampando wa anebawo, kamankhwala kopopera mkamwa kali m'manja. Ankapuma movutikira, koma ankapuma. Chisanu sanalowe. Anabwerera, napempha nyundo ndi tchizulo kwa mlonda wa panyumbapo, nadikira mpaka mphepo itayenda mokwanira m'khitchinimo, n'kuyamba kuswa khoma pamene panali ponyowa.

Atachotsa shelefu ndi pulasitala, anachiona. Sikuluu imodzi ya shelefuyo inali italuma paipi yaing'ono. Zaka zonsezo inkatseka yokha bowo limene inaboola, koma gasi watsopano atakankha usiku wonse ndi m'mawa wonse, mkuwa unang'ambika m'mbali mwake.

Mlamu wake anafika nthawi imeneyo, akupuma wefuwefu. Anayang'ana khoma, nayang'ana sikuluu, nthabwala zonse zitamuthera.

"Shelefuyi ndinakhoma ndine," anatero motsitsa mawu. "Chaka chimene bambo anamwalira."

"Inu simukanadziwa, alamu. Ine geji inandiuza dzulo. Ndinaiona ndi maso angawa, n'kuikana."

Anasamba m'manja, napita kwa aneba kuja. Anagwada chapatali ndi mpando wa apongozi, maso ali pansi, nafotokoza zonse osabisa kanthu: za mapaipi akale, za theka la ola, za singano. Mng'ono wa mkazi wake, yemwe anali atakhala pakona akusisita dzanja, anasiya kusisitako. Mkazi wake anagwira pakamwa.

Mayiwo anamuyang'ana, chifuwa chikulira pang'onopang'ono.

"Ndiye mukuti ndikanapita lero?" anafunsa.

"Zikanatheka, amayi."

"Hmm." Anapopera mankhwala kamodzi, nadikira kuti mpweya ubwerere. "Ine m'nyumba imeneyo sindigonamo mpaka mutachotsa zonse zili m'khomamo. Ndikakhala kwanu. Ndipo tsiku loyesa mapaipi atsopanowo mudzanditenge, singano yanuyo ndidzaione ndekha."

"Chabwino, amayi."

"Dzukani, bambo. Iwe, mupatse madzi mwamuna wakoyu."

Madziwo anamwa theka, ena anatayikira pamalaya. Dzuwa litapendeka, mlamu wake anawatenga onse pagalimoto yake, apongozi kutsogolo, Chisanu, mkazi wake ndi mng'ono uja kumbuyo ndi zikwama pamiyendo. Atafika kunyumba, Chisanu anatulutsa katundu wa ana m'chipinda chokhala ndi mazenera awiri, nakolopa pansi yekha, nayala bedi. Apongozi anakhala m'chipindamo masiku khumi ndi awiri.